Ndinamasula juzi ya malemu mng'ono wanga, amayi apita kumudzi

Aphungu,

Lero kwacha ndi chiperoni. Phiri la Ndirande silikuoneka, la Michiru nalonso labisala, ndipo nkhungu yatsika mpaka pampanda wa aneba. Pamalata pakugwa mawawa, kamvula kosati n'kutchera ndowa koma kongonyowetsa nsapato. Kumsewu oitanira minibasi akukuwa kuti "Tauni! Tauni!" ndi mawu okhala ngati akuchokera mumgolo. Wa makala wadutsa akuliza belu la njinga, agalu osamuuwa n'komwe chifukwa nawonso adzipinda. M'nyumba mwathu muli zii. Bambo anyamuka kale kupita ku Limbe kumene amamata matayala, ndipo tiyi wawo amusiya patheka. Ndatsala ndekha, ndiye ndati ndikulembereni.

Ndine mnyamata wa Fomu 3 ndipo timakhala ku Chirimba. Anzanga si ambiri. Kusukulu amanditcha "Mlonda" chifukwa nthawi yopuma ndimakhala pakhonde n'kumangoyang'ana. Sindikana, kuyang'ana ndimakutha. Chimene chikundikanika ndi kudziwa chochita nazo zimene ndaonazo. Amayi anga apita kumudzi ku Ngabu ndi mlongo wanga wamng'ono, Ellen, ndipo ndikuopa kuti sabweranso. Amene ndinawanyamutsa ndine.

Makolo anga onse ndi a kuchigwa, kumene munthu amagona panja chifukwa cha kutentha. Amayi kuzizira kwa Blantyre sanakuzolowerepo. Amati Juni wawo woyamba m'tauni muno ankaganiza kuti adwala malungo, mpaka mayi wina woyandikana nafe, a Esnat, anawaseka n'kuwauza kuti, "Si malungo ayi achemwali, ndi chiperoni. Mankhwala ake ndi awa." Anawapatsa masingano awiri olukira. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu simunalowe juzi ya pa kaunjika.

Amayi ali ndi kachitidwe kawo. Meyi akangoyamba, thumba la majuzi limatsika pamwamba pa kabati. Juzi iliyonse imene yachepa imamasulidwa, ulusi wake n'kulukira wamng'ono wotsatira. Ya bambo ikatha m'zigongono, ulusi umabwera kwa ine. Yanga ikachepa unkapita kwa mng'ono wanga Prince, ya Prince kwa Ellen. Choncho mitundu imayenda m'banja mwathu ngati nkhope. Ulusi wobiriwira umene amayi anayambira kuluka unali pathupi pa bambo ine ndisanabadwe, kenako ndinauvala ine, kenako Prince.

Ntchito imeneyi ndiyo inkatifunditsa m'miyezi yozizira. Madzulo mbaula inkakhala pakhomo, mbatata zili m'phulusa. Amayi ankafufuza kamfundo komalizira, chifukwa iwo sadula ulusi ngakhale pang'ono. Amati juzi ili ndi khomo lake, ukalipeza imamasuka yokha. Ine ntchito yanga inali kutambasula manja kuti azikulungapo ulusi, ndipo ndikati nditsitse pang'ono ankati, "Kweza! Wafa kale ndi njala?" Ulusiwo ankaunyika m'madzi ofunda n'kuuyanika atamangirira mwala kuti uwongoke. Prince ndiye ankakulunga mipira, ndipo ankaigwetsa dala kuti Ellen aithamangire kunsi kwa bedi. Bambo ntchito yawo inali bodza. Ankafotokoza za ng'ona imene inawathamangitsa pa Shire ali mnyamata, amayi n'kumati, "Bambo inu, ng'ona imeneyi chaka chatha inali yaifupi. Ikukula ndi chiyani, mukuidyetsa ndinu?" Kunja kunkawomba mphepo, koma ife sitinkaimva.

Prince anatisiya mu Julayi chaka chatha. Anali mu Sitandade 4. Tsiku lina kuli mawawa ngati lero anapita kukasewera mpira ndi anzake, ndipo anavula juzi yake n'kuiika pansi kuti ikhale golo. Anabwera atainyamula m'manja, malaya ali chonyowa. Patapita masiku anayamba kutsokomola ndi kubanika, ndipo kuchipatala anati ndi chibayo. Sanabwereko. Tinakamuika ku Ngabu. Zovala zake zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo, koma juzi yobiriwira ija sinaoneke pamphasa pamene ankagawirapo. Ine ndinaona kumene inapita. Amayi anaikulunga m'chitenje chawo cha m'chiuno, ndipo titabwerera kuno anaiika pansi penipeni pa sutikesi yawo.

Chaka chino Meyi wadutsa thumba lili pamwamba pa kabati. Juni analowa, chiperoni chinabwera, masingano ali chigonere m'chitini. Juzi ya Ellen inali italekeza m'zigongono, mchombo uli pamtunda. Amayi ankamufunditsa chitenje popita kusukulu, ndipo anzake anayamba kumutcha "agogo". Ankabwera akulira, koma kwa amayi sankanena. Ankandinong'oneza ine kuti, "Achimwene, chaka chino yobiriwira ija si inali yanga?"

Madzulo athu anasanduka ena. Bambo ankatsegula wailesi n'kuiika pakhutu. Amayi ankati akatsuka mbale n'kukalowa m'bulangete dzuwa litangolowa kumene. Ellen analetsedwa kutuluka kukangochita mtambo, ndipo akangotsokomola kamodzi amayi ankadzuka n'kumugwira pachifuwa. Dzina la Prince silinkatchulidwa. Munthu ankati akafika pafupi nalo n'kulizungulira ngati chithaphwi.

Ndinayesa, Aphungu. Ndinapanga bawo ndi thireyi ya mazira ndi nyemba. Bambo anasewera kamodzi, anandidya nyemba zonse, n'kubwerera ku wailesi. Ndinaotcha mbatata, zinazizirira m'mbale. Ndinapangira Ellen kaiti ya jumbo ndi timitengo ta tsache, ndipo tsiku lina dzuwa litasuzumira tinatuluka nayo. Isanakwere n'komwe amayi anaimirira pakhomo. "Mphepo imeneyi? Lowetsa mwanayo. Mmodzi sanakukwanire?" Kaitiyo ili kuseri kwa chitseko mpaka lero.

Ndiye ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya. Amayi anga sangathe kuona ntchito ikugwiridwa molakwika osailanda. Ukamasesa mokhota amakulanda tsache. Ukamachapa mwaulesi amakukankha pabeseni. Ndinati ndikayamba ndekha kumasula juzi, n'kumachita mosadziwa, adzakwiya, adzandilanda, ndipo masingano akangolowa m'manja mwawo zonse zidzabwerera. Ndiponso Ellen adzafunda.

Lachinayi lina amayi ali ku mapemphero a amayi kutchalitchi, ndinatsegula sutikesi. Juziyo inali ndi chisoso chambiri chomatirira kumsana, ndipo ndinayamba ndachichotsa bwinobwino kuti chisakole ulusi. Ndinafunafuna khomo lija amanena, osalipeza. Pamapeto ndinatenga lezala n'kudula pamwamba pa mkono. Ulusi unayamba kuyenda. Ellen anatambasula manja, ine n'kumamuuza kuti, "Kweza! Wafa kale ndi njala?" Anaseka mpaka kugwa chagada. Aphungu, kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chichitikireni maliro. Tinamasula mkono umodzi mpaka paphewa, ndipo ndinali nditayamba kukulunga mpira pamene chitseko chinatseguka.

Amayi sanakuwe ndipo sanandimenye. Bola akanandimenya. Anaika Baibulo patebulo, anagwada, n'kutola juziyo pansi. Anaiika pamphuno nthawi yaitali. Apo m'pamene ndinazindikira kuti juziyo sinachapidwepo chiyambire tsiku la mpira lija. Anaitembenuza kumsana, n'kuisisita, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Ndi chisoso chake chomwe wachotsa?" Anaika ulusi pakamwa n'kuudula ndi mano, iwo amene sadula ulusi. Juzi ya mkono umodzi analowa nayo kuchipinda. Kampira kobiriwira kanatsala pasimenti.

Loweruka lake analongedza. Bambo anafunsa kuti, "Nanga ulendowu ndi wa chiyani?" Anati, "Ndikukaothera dzuwa. Kuzizira kwa kuno kwandidyera zokwanira." Bambo anafunsanso kuti abwera liti, iwo anati, "Kukafunda." Atapita, bambo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Asiye, mayi ako ndi a dzuwa. Ogasiti akafika abwera okha."

Koma ine ndinaona zimene bambo sanaone. Munthu wokaothera dzuwa satenga yunifolomu ya kutchalitchi. Satenga poto wamkulu. Sapereka nkhuku zake kwa a Esnat n'kunena kuti zikaswa anapiye ndi awo. Chimene anasiya ndi masingano okha. Akaimba foni amalankhula ndi bambo pang'ono, ndipo kwa ine amangoti, "Wadya?" Ndikati eya, amati, "Chabwino." Sabata yatha Ellen analanda foni n'kunena mothamanga kuti, "Achimwene, akuti ndiyamba sukulu konkuno, mayeso a kumeneko ndisawaganizire."

Tsopano tatsala awiri. Bambo amadyera ku Limbe komweko ndipo amafika atatopa. Amati mafupa awo akumva kuzizira kuposa kale, choncho amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi zenera, n'kutsekanso mpata wa pansi ndi chiguduli. M'mawa amadzuka akudandaula mutu. Ine kampira kaja ndimayenda nako m'chikwama cha kusukulu. Sindidziwa kuti n'chifukwa chiyani.

Aphungu, ndithandizeni. Kodi ndi masewera ati kapena zochita ziti zimene zingabwezeretse chisangalalo m'nyumba ngati yathu nyengo yozizira ino, kuti amayi akamva kuti kuno kwayambanso kusekedwa afune kubwera? Kodi kampiraka ndikataye kuti asadzakaonenso? Kapena ndipemphe a Esnat alukenso mkonowo mwachinsinsi? Ine ndinkangofuna kuti tizikhalanso pamodzi madzulo. M'malo mwake ndamasula banja lonse.

E.M.,
Chirimba, Blantyre.

*

Mwana wanga E.M.,

Pepa kwambiri chifukwa cha Prince. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa m'kalata yako yonse sindinaone pamene wina anakuuza. Walemba za chisoni cha amayi, za kulira kwa Ellen, za mutu wa bambo. Iwenso unataya mng'ono wako, ndipo kampira kamene ukuyenda nako m'chikwama ndi maliro ako. Usadzifunsenso chifukwa chake.

Tsopano ndikuuze mosabisa. Unalakwitsa. Iwe unaona ulusi woti Ellen afunde, koma kwa amayi ako imeneyo sinali juzi. Munali fungo la mwana wawo, ndipo chisoso chija chinali tsiku lomaliza limene anamuona akuthamanga. Unawatchera msampha wabwino, wochokera mumtima wachikondi, koma msampha ndi msampha basi. Munthu wolira sakokedwa ndi nzeru kuti atuluke m'chisoni chake.

Koma usasenze katundu amene si wako. Banja simunalimasule ndi lezala. Amayi ako anayamba kulongedza mumtima kalekale, pamene anaona Julayi akuyandikira, ndipo manda a mwana wawo ali ku Ngabu. Ukanapanda kugwira juziyo, mwina akanapitabe. Iwe unangofulumizitsa tsiku.

Wandifunsa za masewera. Palibe bawo kapena kaiti imene ingakweze munthu minibasi kuchokera ku Ngabu. Chisangalalo chikakhala nyambo, wolira amachinunkhiza patali. Taona bwino zimene zinkakufunditsani kale. Sanali masewera. Inali ntchito imene aliyense anali ndi mbali yake, manja ali otanganidwa, pakamwa pali pomasuka. Ndi mmene mabanja ambiri amadutsira chiperoni: kusenda mtedza pamodzi, kusankha nyemba, kukonza mpando wothyoka, kuotcha chimanga pakhomo wina akunama za ng'ona. Nkhani zimabwera zokha anthu akamayang'ana ntchito m'malo moyang'anana.

Ndiye yamba ndi amene uli naye. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bambo ako ali m'nyumbamo, ndipo akuzizidwa kuposa mmene akunenera. Usawaitanire masewera, apatse ntchito. Auze kuti kaiti yako ikukana kukwera, akuonere pamene unalakwitsa. Munthu womata matayala sangaone chinthu chopindika osachiwongola. Ika mbatata pamoto, ndipo muli mkati mwa ntchitoyo nena chiganizo chimodzi chokhala ndi dzina la Prince, chaching'ono, monga mmene ankagwetsera mipira dala. Mwina akhala chete. Mwina atuluka panja. Mwina alira, ndipo ukaona misozi ya bambo ako usathawe. Dzina limene mukulizungulira ngati chithaphwi ndilo lazimitsa moto m'nyumbamo.

Ukatero, auze zimene maso ako anaona: yunifolomu, poto, nkhuku, ndi mawu a Ellen. "Asiye, abwera okha" si nzeru ayi, ndi mantha a munthu amene sakudziwa chokanena akafika. Auze mwaulemu kuti mwezi uno si woti amayi akhale okha pafupi ndi manda aja, ndiponso kuti Ellen ali ndi mayeso omaliza chaka. Pemphani tsiku kuntchito, mupite nonse awiri. Ngati bambo akuvuta, a Esnat kapena mkulu wa mpingo amene amamulemekeza akuthandize kulankhula nawo. Izi si zoti mwana wa Fomu 3 asenze yekha.

Kampira usakataye, ndipo a Esnat asayerekeze kuluka mkonowo. Kumeneko kungakhale kuwaberanso amayi ako kachiwiri. Ulusiwo ndi wawo. Usautumize ndi kondakitala kapena wachibale wopita kumudzi. Ukaupereke ndi manja ako awiri, utagwada, ndi mawu ochepa: kuti unalakwa, ndipo wabweza. Usafotokoze za nzeru yako ija, usatchule za kuzizidwa kwa Ellen, ndipo usafunse kuti abwera liti. Akafuna kuusunga m'sutikesi zaka zonse za moyo wawo, ndi ufulu wawo. Akakupempha kuti uwaperekeze kumanda, pita. Akapanda kukupempha, upemphe ndiwe.

Za Ellen, mwana asayende ndi chitenje kusukulu podikira kuti chisoni cha akulu chithe. Pempha a Esnat amubwereke juzi ya mwana wawo kapena amulukire ina ya ulusi wina uliwonse, bola usakhale wobiriwira. Ndipo pali chinthu china chimene bambo ako, osati iwe, ayenera kudzawauza amayi tsiku lina mtima utakhala pansi. Chibayo chimadza ndi tizilombo tolowa m'mapapo. Ana ambiri amavula majuzi pampira n'kukhala bwinobwino, ndipo ena amadwala atafunda mabulangete. Amayi ako akudziimba mlandu woti juzi yawo inalephera ntchito. Sinalephere. Akamva zimenezi kwa namwino kapena dokotala, mwina Ellen adzaloledwanso kuona dzuwa la masana, chifukwa mwana wotsekeredwa m'nyumba miyezi iwiri nayenso amafota. Mukakapeza kuti amayi sakudya, sakugona, kapena akulankhula zofuna kutsatira mwana wawo, musadikire Ogasiti; bambo ako apite nawo kuchipatala, aphungu a zamaganizo aliko.

Iwenso, a Mlonda, tsika pakhondepo. Nkhungu ikayera masana tuluka, kaimirire pagolo ngakhale sudziwa kugwira mpira. Pezako mnzako mmodzi woti uzimuuza zinthu. Maso okha sangakufunditse.

Sindikulonjeza kuti amayi abwera nawe tsiku lomwelo, kapena kuti madzulo anu adzakhalanso ngati kale. Pamphasa paja padzakhala malo a munthu mmodzi opanda wokhalapo, ndipo mudzaphunzira kuseka malowo alipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomaliza, ndipo ichi chisadikire mawa. Mbaula ituluke kuchipinda kwa bambo ako lero lomwe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagoneka munthu tulo tosadzuka, ndipo mutu umene akudandaula m'mawa ndi chenjezo lake. Otherani pakhomo, chitseko chili chotsegula, ndipo pokagona moto uzimitsidwe panja. Akakana, auze kuti amayi ako aika kale mmodzi m'nyengo yozizira. Nyumba imeneyo isatumizenso uthenga wina ku Ngabu.

Aphungu.

*

Chifukwa cha nkhani ya mbaulayo, yankho ili tinamutumizira E.M. lisanatuluke m'nyuzipepala. Tisanasindikize, iye analembanso mawu awa:

Aphungu,

Mbaula inatuluka tsiku lomwelo. Bambo anayamba akwiya, koma nditanena mawu munandiuza aja anainyamula okha. Kaiti anaikonza, akuti mchira unali waufupi. Nditatchula Prince anaiwala kutembenuza mbatata mpaka inapserera, kenako anati, "Mwana uja ankabera pa bawo." Tinaseka pang'ono, kenako sitinasekenso, koma palibe amene anatsegula wailesi.

Tinapita ku Ngabu Loweruka. Titatsika mapiri n'kufika pa Thabwa, anthu onse m'minibasi anayamba kuvula majuzi. Amayi tinawapeza pansi pa mtengo akusenda nandolo, ataonda. Ndinagwada n'kupereka kampira kaja monga munanenera. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Wakulunga mothina. Ulusi umafuna kupuma." Anakamanga pansonga ya chitenje. Madzulo dzuwa litapepa tinapita kumanda tonse anayi, ndipo bambo ndi amayi anatsalira kumeneko, ine ndi Ellen tinatsogola. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Ulendo uno sindinayang'ane.

Lamlungu tinabwerera atatu: bambo, Ellen ndi ine. Amayi anatiperekeza pamsewu koma sanakwere, ndipo sindinafunse. Ellen walemba mayeso atavala juzi yofiira ya kwa a Esnat, yofika m'mawondo.

Amayi anafika Lachisanu la sabata yachiwiri, masana, chiperoni chili mkati. Anabwera okha, poto wamkulu ali pamutu, yunifolomu ili m'chikwama. Juzi ya mkono umodzi inabwereranso pansi pa sutikesi, ndipo palibe amene adzaigwirenso. Atamwa tiyi anakwera pampando, n'kutsitsa thumba lija pamwamba pa kabati, n'kutulutsa juzi yanga yakale yotuwa. Kampira kobiriwira anakaika pambali pake, akuti kakwana mzere umodzi pachifuwa cha Ellen. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tambasula manja."

Tsopano m'nyumba tilimo anayi.

E.M.,
Chirimba, Blantyre.